Nambala ya m'Kagemu ka Mzime

1. Fayilo yabuluu

M'nyumba mukakhala ana awiri, chinthu chimodzi sichikwana. Ngakhale mutagula ziwiri zofanana, wina adzapezabe kuti cha mnzake ndiye chonyezimira. Amayi a atsikana awiri a m'nkhani ino ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo anali atatopa nazo.

Wamkulu anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Chisamba. Wamng'ono, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali Mzime. Mayina awo enieni ankamveka m'kalasi mokha.

Amayi awo ankagwira ntchito m'shopu ya fotokope pafupi ndi depoti ya mabasi. Ankaimirira kuyambira m'mawa mpaka nthawi yotseka, kukopa masetifiketi, makalata ofunsira ntchito ndi timabuku ta kwaya. Ana akaweruka kusukulu ankafikira komweko, n'kukhala pabenchi kuseri kwa kauntala.

Kusukulu kwawo kunali kalabu yosaka zobisika. Masewerawa ndi otere. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, n'kuikamo kabuku, pensulo ndi tizinthu tosafunikira kwenikweni. Akatero amakabisa penapake m'tauni: kuseri kwa njerwa yogwedera, pansi pa benchi, kapena m'mphako ya mtengo. Kenako amalemba pa intaneti manambala osonyeza malowo, ndi mawu ochepa othandiza wosaka. Wopeza kabokosiko amalemba dzina lake m'kabuku, n'kubwezera zonse mmene anazipezera. Mphotho palibe. Osadziwa amati ndi misala, koma kuthamangitsa mpira padzuwa nako si nzeru zoposa pamenepa.

Kalabuyo ankayendetsa ndi aphunzitsi a jogalafe, amene ana ankawatchula kuti a Mapu. Iwo anali ndi kachipangizo kachikasu kamene ukakapatsa manambala kamaonetsa muvi wolozera kopita, ndi mamita otsala. Koma kanali kakalekale. Kankamva manambala okha, mawu othandiza aja sikankasunga. Mawuwo ankafunika pepala, ndipo mapepala anali a Chisamba.

Kwa zaka ziwiri iye ndiye anali wowerenga wa kalabu. Lachisanu lililonse ankakhala pakompyuta ya pakona m'shopu muja, n'kusindikiza masamba a mabokosi oti akasake Loweruka, kuseri kwa mapepala owonongeka. Ankawaboola, kuwaika m'fayilo yabuluu, n'kudula mizere ndi cholembera chofiira. Gulu likaima pamphambano, maso onse ankatembenukira kwa iye. Akati "pansi pa chitsulo", onse ankawerama.

Chisamba sanali katswiri wa masamu. Kuimba kunkamukanika, ndipo mpira unkamudutsa m'miyendo. Chake chinali fayilo yabuluu.

2. Mphatso ya amalume

Tsiku lina amalume awo, oyendetsa lole, anabwera ndi kagemu ka m'manja. Anachita kugula kwa munthu, kali kosweka pakona, mabatani ake atafufutika zilembo. Anati n'ka onse awiri, ndipo anakapereka kwa wamkulu monga mwa ulemu wake. Chisamba anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti iye zidole anasiya kalekale. Anakaponya pabenchi. Mzime anakatola.

Milungu iwiri yoyamba Mzime ankangothamangitsa timagalimoto pasikirini. Kenako anatulukira kuti kumbali kwa kagemuko kuli kampata kolowetsamo kakhadi kosungira zinthu, ndiponso kuti kamatha kutsegula zolemba. Sanauze munthu. Lachisanu lina, mkulu wake atamaliza kusindikiza, iye anakhala pakompyuta n'kutenga masamba a mabokosi onse a m'tauni, makumi anayi ndi awiri, n'kuwalowetsa m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo.

Loweruka lake mvula inawapeza pakati pa ulendo. Mapepala a Chisamba ananyowa n'kumatirirana, ndipo poyesa kuwalekanitsa anang'ambika. Gulu linaima pakhonde la sitolo, likunena zobwerera. Apo m'pamene Mzime anatulutsa kagemu kake, kali m'kajumbo koonekera m'kati, n'kuwerenga mokweza mawu onse othandiza, osakatulutsa n'komwe m'jumbomo.

Tsiku limenelo anapeza mabokosi atatu. A Mapu anagwira kagemuko ngati dzira, n'kumafunsa mwanayo mafunso ngati mphunzitsi ndi iyeyo. Ana anamuunjirira. Mtsikana wina wamtali, wotchedwa Nsungwi, ananena kuti fayilo yabuluu ikapume kunyumba yosungirako zakale, pambali pa mataipi ndi mawilo a ngolo. Onse anaseka. Mzime nayenso anaseka pang'ono, ndipo Chisamba anaona.

Lachitatu lotsatira a Mapu anabwera ndi nkhani. Wosewera wina anali atabisa kabokosi katsopano, ndipo panalibe amene anali atakapeza. Kabuku kake kanali koyera. Osewera onse amadziwa kuti mzere woyamba wa kabuku katsopano ndi ulemu waukulu, chifukwa dzina lolembedwa pamenepo limaonedwa ndi aliyense wobwera pambuyo. A Mapu anati Loweruka apita ndi kagemu kokha, opanda pepala ngakhale limodzi. Zikayenda bwino, Mzime ndiye adzakhale wowerenga pampikisano wa masukulu mwezi wamawa. Malamulo a mpikisanowo ankalola wowerenga mmodzi yekha pagulu.

Chisamba anangotseka fayilo yake n'kuikhalira.

3. Lachisanu m'shopu

Mwana wa zaka khumi ndi zisanu akakwiya, ngakhale zitseko zimadziwa. Lachisanu masana Chisamba anali ndwii pabenchi. Amayi atamupatsa mapepala oti amange, anamenya sitepula ngati ikumutukwana. Amayi anadikira kuti kasitomala atuluke, n'kuvula nsapato imodzi, kuponda pansi pozizira, n'kuyamba.

"Tamvera iwe. Ine ndaimirira pano kuyambira seveni koloko, miyendo yatupa ngati mitsamiro, ndiye nkhope ya pamaliro pakauntala yanga sindikuifuna. Makasitomala aziyesa tawononga masetifiketi awo. Kagemuko amalume ako anaika m'manja mwako, ine ndikuona. Unataya wekha. Mng'ono wako watola, wagwiritsa mutu, ndiye lero chikukuwawa n'chiyani? Ine ndakondwa, ndisakunamize. Abwana amandifunsa za inki mlungu uliwonse, ndipo ndatopa n'kuyankha.

"Ndikuuze chinthu chimodzi, ndipo sindibwereza. Nsanje ili ngati pepala lokodwa m'makina awa. Ukaliona msanga n'kulikoka pang'onopang'ono, limatuluka lonse. Ukachita makani n'kumangodinabe batani, limang'ambikira m'kati, ndipo ntchito ya tsiku lonse imaima, yako ndi ya anzako omwe. Mng'ono wako sanakubere kanthu. Chatha ndi pepala, iwe sunathe. Pita ukamufunse akuphunzitse. Sungafe chifukwa chophunzitsidwa ndi mwana. Ine kompyuta iyo anandiphunzitsa ndi mtsikana amene ndinamuona akukwawa, ndipo mpaka lero ndikudyabe."

Chisamba anati wamva. Kunali kumva kwa khutu.

Nthawi yonseyi Mzime anali pakompyuta ya pakona, akulowetsa tsamba la kabokosi katsopano m'kakhadi kake. Milomo yake inkagwedera, akuwerenga manambala chamumtima. Asanatulutse kakhadiko, amayi anamutuma kuti akasiye mabuku omangidwa ku ofesi ina tsidya la msewu, ndipo anati athamange chifukwa eni ake aimba kale kawiri. Mzime ananyamula mabukuwo n'kutuluka. Nthawi yomweyo kunalowa bambo wina ndi mulu wa mapepala, akufuna lililonse kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Amayi anausa moyo n'kutembenukira kumakina.

Chisamba anasendera pampando wa pakona. Unali udakali wofunda.

Tsamba la m'kakhadi muja linali lotsegula. Pamwamba panali mizere iwiri ya manambala, ndipo m'munsi mwake munali mawu othandiza: *M'munsi mwa mzati wachitatu wa mpanda, kuseri kwa mwala wosalala.* Chisamba anatenga pepala lowonongeka, n'kukopera manambala onse mosamala monga mwa chizolowezi chake. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la siketi. Kenako anafufuta folo mmodzi pamzere woyamba, n'kuikapo seveni. Anadina posungira.

Sanafune zoipa zambiri, monga amanenera onse ochita zoipa. Ankangofuna kuti gulu lizungulirezungulire pamalo opanda kanthu, litope, a Mapu apukuse mutu, kenako wina akumbukire fayilo yabuluu. Iye ankadziwa bwino kuti nambala imeneyo ikasuntha katatu, malo amasuntha mamita oposa mazana asanu. Chimene sanachite ndi kutsegula mapu kuti aone kumene mamitawo akukathera. Zinali zoti angodina kamodzi. Sanadine.

Mzime atabwerera ali wefuwefu, anapeza mkulu wake akumanga mapepala bwinobwino, sitepula ikulira mwaulemu.

4. Kumene muvi unaloza

Loweruka m'mawa ana asanu ndi mmodzi anakumana pageti la sukulu. A Mapu sankanyamuka asanalankhule, ndipo tsiku limenelo analankhula motalika.

"Masewera athu aima pa chinthu chimodzi, kukhulupirirana. Amene anabisa kabokosika sitikumudziwa, nayenso sakutidziwa. Iye akukhulupirira kuti sitikaba pensulo yake. Ife tikukhulupirira kuti manambala ake ndi oona. Wina akanama kamodzi kokha, masewera atha, chifukwa palibe angatsatire muvi umene sakuukhulupirira. Chachiwiri, wobisa wanzeru sabisa pamalo pofuna kudumpha mpanda kapena kutsegula geti la munthu. Muvi ukakulozerani m'bwalo la mwini, imani. Muvi ulibe maso, inu muli nawo. Chachitatu, anthu osadziwa masewerawa akakuonani mukusuzumira m'makona, saganiza zabwino. Muziyenda ngati ana a anthu, ndipo mukafunsidwa muziyankha zoona."

Mzime anayatsa kagemu n'kuwerenga manambala mmodzimmodzi, a Mapu akulowetsa m'kachipangizo kachikasu. Pofika pa seveni, mwanayo anakhwinyata nkhope pang'ono, koma Nsungwi anamuuza kuti afulumire, dzuwa silidikira wowerenga. Anapitiriza.

Muvi unawatsogolera kudutsa pamsika wa zovala, kudutsa pasitolo ya mankhwala, mpaka kulaibulale ya tauni. Laibulaleyo inali ndi mpanda wa mizati yachitsulo yopaka utoto wobiriwira. Chisamba anawerenga mizatiyo ndi maso. Pa wachitatu panali mwala wosalala, ngati woti wina anachita kuuika. Anayang'ana kumbali. Gulu linadutsa, Mzime ali patsogolo, kagemu kali pachifuwa ngati mbendera.

Msewu unatsetserekera kumagalaja. Tala anatha, kunayamba fumbi lakuda la oyilo. Muvi unakaima pa mpanda wa malata wa bwalo logulitsirako zitsulo zakale, ndipo kachipangizo kanati patsala mamita makumi awiri, m'kati.

A Mapu anavula chipewa n'kukanda mutu. Anati apa pali chinachake cholakwika, ndipo onse adikire pomwepo, iwo azungulire kugeti akafunse.

Pakati pa malata awiri panali mpata woti mwana wowonda n'kudutsa. Mzime anasuzumira. M'katimo, kuseri kwa mulu wa zitseko za magalimoto, munali mpanda wina wa waya, wokhala ndi mizati yake. Tsoka likafuna munthu limamukonzeranso njira.

"Achemwali, taonani," anatero chapansipansi. "Mzati wachitatu suwo? Ndingothamanga n'kubwerera. Mukuona bwanji?"

Mawu amodzi akanakwana. Ngakhale kungomugwira malaya.

"Usandifunse ine," anatero Chisamba. "Funsa kagemu kako."

Mzime analowa chammbali. Lata linamukanda bondo, koma sanaime. Anali atangogwada pamzati wachitatu pamene galu wa pa tcheni anayamba kuuwa, ndipo bambo wachikulire wovala jasi lalitali anatulukira kuseri kwa basi yopanda matayala. Anali mlonda. Anamugwira mwanayo padzanja, dzanja lina n'kulanda kagemu.

Pamene a Mapu ndi ana ena ankafika pageti, amakaniko a m'magalaja oyandikana anali atasonkhana kale, masipanala ali m'manja. Mzime anali atamukhazika patayala lakale. Magazi ankatsika pang'onopang'ono kulowa m'sokosi. Wina anati ana a masiku ano amaba atavala yunifolomu ya masewera. Wina anati amatumidwa ndi akuluakulu, ndipo kagemuko ndi kawailesi kouzirana kumene kuli waya wa kopa. Mawu akuti wakuba anayenda pakamwa ndi pakamwa.

A Mapu anafotokoza zonse, za kalabu, za intaneti, za kabuku ndi pensulo. Mlonda anamvetsera mpaka kumapeto.

"Aphunzitsi, ine ndakalambira pageti," anatero. "Mabodza ndamva a mitundu yonse. Wina ati mpira wagwera m'kati, wina ati mphaka wathawira muno. Mlungu wathawu anandibera mabatire atatu, ndipo abwana anandiuza kuti kukalowanso munthu, wotuluka ndine. Koma bodza la bokosi lobisidwa ndi munthu amene simukumudziwa, lopanda ndalama m'kati, limeneli n'latsopano, ndalikonda. Chabwino. Ndionetseni bokosilo. Ndikaliona ndi maso angawa, mwana atuluka ndi kawailesi kake. Likasowa, tidikira abwana ndi apolisi, ndipo mukafotokoze komweko."

Anawalola a Mapu kufufuza pamzati wachitatu. Anapezapo botolo losweka ndi nati yadzimbiri. Anayesa kuwerenga mizati kuchokera mbali inayo. Panalibe kanthu. Mzime sankalira mokweza. Misozi inkangotsika, iye akubwereza kuti manambala ndi omwewo, awerenge okha pasikirini.

5. Pepala lopinda kanayi

Chisamba anali ataima kumbuyo kwa gulu, dzanja lili m'thumba. Pepala linali litanyowa ndi thukuta. Kulitulutsa kunali kuitana mafunso. Kulisiya kunali kuonerera mng'ono wake akukwera galimoto ya apolisi, ndiyeno kukafotokozera amayi.

Mmodzi wa amakaniko anatulutsa foni, n'kufunsa mlonda ngati aimbe.

Chisamba anadutsa pakati pa anthu n'kupereka pepalalo kwa a Mapu. Anati anakopera manambala dzulo, mwa chizolowezi chabe, ndipo mwina angafananize. Zimene ananenazo zinali zoona, koma zinali theka.

A Mapu anaika pepala pambali pa sikirini, chala chikuyenda pamzere. Chinaima. Papepala panali folo, pakagemu panali seveni. Atalowetsa folo m'kachipangizo kachikasu, muvi unatembenuka n'kuloza kumene anachokera.

Iwo sakanasiya mwana m'manja mwa anthu. Anapereka kachipangizoko kwa Chisamba, n'kumuuza kuti athamange ndi Nsungwi. Anati lamulo limaletsa kuchotsa kabokosi pamalo pake, koma lero alithyola, ndipo mwini wake amupepesa okha.

Atsikanawo anathamanga chokwera. Chisamba sanayang'ane muvi ngakhale kamodzi, ndipo Nsungwi, miyendo yake yonse ija, ankachita kumutsatira pambuyo. Pampanda wa laibulale anagwada pamzati wachitatu n'kukankha mwala wosalala. Kabokosi kanali pomwepo, kakuda, kokutidwa ndi tepi.

Nsungwi anati atenge azipita. Koma Chisamba anali atatsegula kale. M'katimo munali wezulo ya pulasitiki, kamphete ka makiyi, pensulo yosongoledwa bwino, ndi kabuku katsopano konunkhira sitolo. Tsamba loyamba linali loyera mbee.

"Iwe, mng'ono wako ali patayala," anatero Nsungwi.

Chisamba anatsamiritsa kabukuko pabondo. Analemba dzina lake pamzere woyamba, ndi zilembo zake zokongola zija. Analemba tsiku. Anadula mzere kunsi kwake.

Zinatenga mphindi imodzi yokha. Koma mphindi imodzi ndi yaitali kwa mwana amene wakhala pamaso pa anthu akumutcha wakuba.

Atafika nako kubwalo la zitsulo, mlonda anatsegula kabokosiko yekha. Anatulutsa wezulo n'kuiyang'ana kuwiri konse. Anaiimba kamodzi, galu n'kukhala chete. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati wakhala zaka makumi asanu ndi limodzi osadziwa kuti m'tauni muno muli anthu opanda chochita chotere, ndipo anafunsa ngati nayenso angalembe dzina. Amakaniko anabwerera kumagalaja awo, ena akuseka, ena okhumudwa kuti nkhani yathera m'malere. Mlonda anabweza kagemu, n'kubweretsa madzi ndi kansalu koti amange bondo. Anamuuza Mzime kuti mpata wa mpanda si khomo, ndipo galu uja masiku ena amakhala womasula.

Atabwezera kabokosi pampanda wa laibulale, a Mapu anasonkhanitsa gulu. Anadzudzula Mzime chifukwa cholowa m'bwalo la mwini ataletsedwa, ndipo anati zimenezo akambirana Lolemba. Kenako anati nawonso aphunzirapo kanthu. Makina ndi abwino, koma mwina kagemu kakale kamasokoneza manambala, ndipo pampikisano sangaike ana a anthu pachiswe. Lero wawapulumutsa ndi mtsikana amene sanasiye chizolowezi chake. Wowerenga akhalabe Chisamba.

Ana anaomba m'manja, kupatula Nsungwi, amene ankamanga chingwe cha nsapato chomangidwa kale. Chisamba anapeza chimene ankafuna. Anayesa kumwetulira, koma kunamukanika.

Kabuku kasanabwezedwe, aliyense analembamo dzina. Katafika kwa Mzime, iye anayang'ana mzere woyamba nthawi yaitali. Anapatsira mnzake osalemba. Anati iye sanapeze kanthu.

6. Njira ya kushopu

Ankayenda awiri, wamng'ono akutsimphina patsogolo, wamkulu pambuyo. Chisamba anati amunyamulire chikwama. Mzime anakana. Anati amugulire madzi ozizira pakona. Anakananso. Anadutsa sitolo ya mankhwala ndi msika wa zovala osalankhulana, mpaka mabasi a padepoti anayamba kuoneka.

Mzime anaima pamthunzi wa chikwangwani.

"Achemwali, kagemu sikasintha manambala. Kamangoonetsa zimene kapatsidwa. Ine dzulo ndinawerenga katatu amayi asananditume. Panali folo."

Chisamba anati mwina anaona molakwika, munthu akamafulumira zimachitika.

"Mwina," anatero Mzime. "A Mapu ati Lolemba ndipite ndi kakhadi, aone pamene panalakwika. Kakhadi kamasunga nthawi imene tsamba linasinthidwa, mpaka mphindi yake. Inu simukudziwa zimenezo chifukwa simunandifunsepo. Nthawi imeneyo ine ndinali tsidya la msewu, ndipo pakompyuta sipanakhale amayi."

Basi inadutsa n'kuwathira utsi.

"Ine sindinena," anapitiriza mwanayo. "Za nambala ndikanakhululuka lero lomwe. Koma munalemba dzina, achemwali. Munadulanso mzere. Ine ndili patayala."

Anatembenuka n'kuwoloka msewu.

M'shopu munali makasitomala awiri. Amayi anali pamakina, msana kukhomo, akusanja mapepala otentha. Osatembenuka, anafunsa ngati chuma chapezeka, n'kunena kuti wina atenge tsache chifukwa pansi padzaza tizidutswa. Palibe amene anakhudza tsache. Amayi anatembenuka.

Anaona kansalu kachilendo pabondo, ndi sokosi yofiira mbali imodzi. Anaona maso otupa a wamng'ono. Kenako anayang'ana wamkulu, amene analibe bala lililonse koma ankalephera kudzutsa mutu.

Anapereka mapepala kwa kasitomala woyamba. Wachiwiri anamupempha kuti abwerenso pakatha ola. Atatuluka onse, anakankha chitseko, n'kuzimitsa makina, chinthu chimene sankachita dzuwa lili pamutu ngakhale abwana atamwalira. M'shopu munati zii.

Anakoka mpando wa pakona n'kukhala, manja ali pamaondo.

"Ndilibe nthawi yofunsa kawiri," anatero. "Chisamba, wamkulu ndiwe. Yamba."